Kachisi wa Prambanan ndi mwana wa mfumu amene akuti anasanduka mwala

Tiyamike (Yogyakarta): Odi pa gulu, akuluakulu. Ndinasowa chifukwa cha mayeso, koma lero ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo. Amene simundidziwa, ndili pa sukulu mumzinda wa Yogyakarta, pa chilumba cha Java ku Indonesia. Loweruka anzanga a m'kalasi ananditengera ku Prambanan, makilomita pafupifupi 17 kuchokera mumzinda. Ndi kachisi wa Ahindu wamkulu kuposa onse m'dziko muno, womangidwa m'zaka za m'ma 800.

Kunena zoona si kachisi mmodzi, ndi mudzi wa akachisi. Pakatikati pali atatu akuluakulu. Wa Shiva ndiye wamtali, mamita 47, ndipo ukaima m'munsi mwake khosi limachita kuwawa poyang'ana nsonga. Kummwera kwake kuli wa Brahma, kumpoto wa Vishnu. Moyang'anizana nawo pali ena ang'ono a nyama zimene milungu imeneyi imakwera. Mwa wapakatiyo muli ng'ombe yamphongo yamwala yotchedwa Nandi, yogona ngati ikubzikula. Kunja kwa mpanda kunali tiakachisi 224 m'mizere inayi, koma tambiri lero ndi milu ya miyala yakuda. Onse pamodzi anali 240.

Chimene chandigwira mtima chili m'chipinda cha kumpoto cha kachisi wa Shiva. Muli fano la mkazi wa manja 8, ataima pamsana pa njati. Mabuku amati ndi Durga, mkazi wa Shiva. Anthu a m'midzi yozungulira amati ndi Roro Jonggrang, mwana wa mfumu amene anatembereredwa n'kusanduka mwala. Fano ndi limodzi, nkhani ziwiri. Ndiyambe iti?

Nambewe wa ku Nkhotakota: Fikani mwanangu, tinakusowani. Yambani ndi nthanoyo. Tili tonse!

Yamikani ku Joni: Tili tonse achemwali.

Tiyamike (Yogyakarta): Ndifotokoza monga anandiuzira mnzanga wobadwira kufupi ndi komweko, amene naye anaimva kwa agogo ake aakazi.

Padangokhala maufumu awiri oyandikana, Pengging ndi Boko. Mfumu ya ku Boko, Prabu Boko, inali chimphona choopsa, ena amati chodya anthu, koma inali ndi mwana wamkazi wokongola, wowonda bwino, dzina lake Roro Jonggrang. Dzinalo m'Chijava limatanthauza namwali wa thupi lowonda. Nkhondo itabuka, mwana wa mfumu ya ku Pengging, Bandung Bondowoso, anapha Prabu Boko n'kulanda dziko. Polowa kunyumba yachifumu anaona namwaliyo, pomwepo n'kunena kuti amukwatira.

Tangoganizani. Maliro a atate ako sanathe, wokuphera atatewo akuti ukhale mkazi wake, ndipo kukana poyera sungathe chifukwa mikondo yonse ili m'manja mwake. Ndiye Roro Jonggrang anavomera ndi pakamwa, koma anaika zofunika ziwiri. Choyamba, amukumbire chitsime chakuya chotchedwa Jalatunda. Chitsime chitatha anamunyengerera kuti atsikiremo akachione, kenako nduna ya malemu atate ake, Gupolo, inagwetseramo miyala. Bondowoso anatulukamo wamoyo, ali ndi ukali, koma chilakolako chinaposa ukaliwo. Chachiwiri, amumangire akachisi 1,000 usiku umodzi, tambala asanalire.

Bondowoso anaitana mizimu ya pansi pa nthaka. Usiku wonse kunali phokoso la miyala, akachisi akungophuka ngati bowa. Pofika pakati pa usiku namwali anaona kuti ntchito itha ndithu. Anadzutsa adzakazi ake ndi amayi a m'midzi. Ena anawauza kuti aunjike mapesi a mpunga cha kum'mawa n'kuyatsa, ena atenge misi ayambe kusinja. Kum'mawa kunafiira, mitondo inalira, atambala anayesa kwacha n'kuyamba kulira. Mizimu ija, poopa dzuwa, inathawira pansi. Powerenga anapeza akachisi 999.

Bondowoso atazindikira chinyengocho anati, popeza watsala mmodzi, iweyo ndiwe ukwaniritse. Namwali anauma pomwepo n'kukhala fano.

Nambewe wa ku Nkhotakota: Mayo ine! Mwanangu, zoti tambala amapusitsika ndi mtondo n'zoona zenizeni, amene anapeka nthanoyi ankadziwa moyo wa kumudzi. Ine ndinakulira m'dambo la mpunga. Amayi akadzuka usikusiku kuti asinje wa alendo, musi ukangogunda kangapo tambala wa m'khola amayankha, wa kwa aneba n'kulandira, basi mudzi wonse. Chandikondweretsa n'chakuti gulu lonse la mizimu linagonja ndi zida za kukhitchini. Palibe mkondo, palibe mankhwala. Mtondo, musi ndi moto wa mapesi.

Yamikani ku Joni: Pepani amayi, koma ine ndikuona mbali inayo. Pangano ndi pangano. Munthu anauzidwa mtengo, anavomera, ndipo akanakwanitsa. Mkaziyo ndiye anaphwanya. Akanangonena poyamba kuti sakufuna.

Nambewe wa ku Nkhotakota: Akananena kwa yani, bambo? Ankhoswe ake anali kuti? Atate ake ali m'manda, asilikali agonja, amene akufunsira ndi yemweyo wagwira lupanga la magazi. Pangano limakhala pangano ngati onse awiri angathe kudzuka pamphasa n'kuchoka. Apa panalibe mbeta yofunsiridwa, panali wogwidwa pankhondo.

Yamikani ku Joni: Ndamva amayi. Za ankhoswezo mwandigwira. Komabe chilango cha nthanoyi chinagwera mkaziyo, kusonyeza kuti eni nthano ankamuona wolakwa.

Tiyamike (Yogyakarta): Achimwene, funso limenelo ndinawafunsa anzanga tili m'basi pobwerera, ndipo anatsutsana okhaokha mpaka kufika. Mmodzi anati ali mwana ankauzidwa nthanoyi pomuphunzitsa kusunga lonjezo. Wina, mtsikana, anati kwawo ankaimva ngati nkhani ya mwana wokana kugulitsa magazi a atate ake. Palinso mbali ina imene ena amawonjezera, yoti Bondowoso anatembereranso atsikana a m'deralo chifukwa chothandiza kusinja, kuti azikalamba asanakwatiwe. Mpaka lero pali chikhulupiriro choti chibwenzi chikapita ku Prambanan chisanafike pa ukwati chimatha. Mnzathu wina anakanadi kubwera ndi bwenzi lake.

Mphunzitsi Wopuma: Zikomo mwanangu Tiyamike, mwaifotokoza mokoma. Loleni nkhalamba iikepo za mbiri, chifukwa Java ndinamuwerengako ndithu m'masiku anga a choko.

Kachisiyu ali ndi umboni wolembedwa, chimene malo ambiri akale alibe. Pali mwala wa malemba a Chijava chakale umene akatswiri amautcha Shivagrha, kutanthauza nyumba ya Shiva, ndipo chaka chake ndi 856. Ukusungidwa kunyumba yosungira zakale ku Jakarta. Umakamba za kupatulidwa kwa kachisi wamkulu wa Shiva, ndipo ambiri amavomereza kuti ndi Prambanan yemweyu. Mfumu imene imatchulidwa kuti inayambitsa ntchitoyi ndi Rakai Pikatan wa ufumu wa Mataram, ndipo amene anamulowa, Lokapala, anaipitiriza. Mafumu a pambuyo pake anawonjezera. Ndiye usiku umodzi wa m'nthano uja, m'mbiri ndi zaka makumimakumi.

Mwalawo umanenanso kuti anapatutsa mtsinje. Mtsinje wa Opak unkadutsa pafupi kwambiri ndi malowo, choncho anaukumbira njira ina. Taganizani anthu a makasu ndi madengu kusuntha mtsinje kuti nyumba ya mulungu wawo ikhale pouma.

Tsono apa ndi pamene pamandichititsa chidwi. Akachisi 999 a m'nthano, anthu amaloza malo ena oyandikana nawo, osakwana kilomita imodzi kumpoto, otchedwa Sewu. Liwu lakuti sewu m'Chijava ndi 1,000. Koma nyumba za pa Sewu ndi 249, ndi za Abuda osati Ahindu, ndipo zinamangidwa Prambanan asanayambe, cha kumapeto kwa zaka za m'ma 700. Ndiye kuti pamene nthanoyi inkabadwa, anthu anali ataiwaliratu mpaka kusasiyanitsa za Buddha ndi za Shiva. Ankangoona miyala yambirimbiri m'tchire ndi mkazi wamwala m'chipinda chamdima, n'kufuna yankho.

Womanga wa pa Ndirande: Aphunzitsi, kuiwala kotere kumatheka bwanji? Chinthu cha mamita 47 chili pakhomo pako, iwe osadziwa anamanga ndani?

Mphunzitsi Wopuma: Kumatheka bambo, likulu likasamuka. Cha m'ma 929 mfumu Mpu Sindok inasamutsira ufumu kum'mawa kwa Java. Akatswiri ena amaloza phiri la Merapi, limene lili kumpoto kwa Prambanan ndipo limaphulika kawirikawiri. Ena amaloza nkhondo ndi kulimbirana ufumu. Kachisi wotere amadya: pamafunika ansembe, osesa, oimba, minda yopereka mpunga wa nsembe. Mfumu ikachoka zonsezi zimauma. Kachisiyu sanatumikire ngakhale zaka 100 zodzaza ali pa ulemerero wake. Kenako zivomezi zinagwetsa nsonga, mitengo inamera m'ming'alu, ndipo m'zaka za m'ma 1400 ndi 1500 Chisilamu chinafalikira pa Java. Mibadwo makumi awiri ikadutsa wopanda wowerenga malemba akale, dzina la Rakai Pikatan lingatsale pakamwa pa yani?

Womanga wa pa Ndirande: Ndiye ine nthanoyi ikundipweteka, ndinene mosabisa. Ndagwira ntchito yomanga zaka zoposa 20, ndimadziwa kulemera kwa mwala. Pali anthu amene anaswa miyala imeneyo, kuinyamula, kuisema, ena anathyoka misana, ena anagwa pamwamba n'kufera pomwepo. Zidzukulu zawo zomwe n'kumadzati anamanga ndi mizimu usiku umodzi. Thukuta lonse lija kupatsa ziwanda! Ngakhale mwala wa malembawo ukutchula mfumu, koma mfumu sinagwire chisulo.

Achemwali a ku Java, tandiuzani za ntchitoyo. Anagwiritsa matope anji pomanga?

Tiyamike (Yogyakarta): Achimwene, mukanakhalapo bwenzi tikukuchotsani ndi mdima. Omanga akalewo sanagwiritse simenti. Mwala wake ndi wakuda motuwira, wochokera ku mapiri ophulika, amautcha andesite. Ankausema kuti mwala uliwonse ulowane ndi unzake, wina uli ndi mphako wina uli ndi lilime, ndipo kulemera kwa ya pamwamba ndiko kumapanikiza ya pansi. Pa milu ija mumaona bwino mano ake chifukwa miyala ili padera.

Ndipo amisiriwo sanasowe kotheratu, manja awo akuoneka. M'khonde lozungulira kachisi wa Shiva anasema nkhani yakale ya Ahindu yotchedwa Ramayana, chithunzi ndi chithunzi. Umayambira khomo la kum'mawa n'kumayenda kachisi ali kudzanja lako lamanja, monga amachitira opembedza. Umaona Sita, mkazi wa Rama, akubedwa ndi Ravana mfumu ya ku Lanka, mbalame Jatayu ikumenyera nkhondo kuti imulanditse, nyani wankhondo Hanuman, mpaka anyani akusenza miyala kuti atseke nyanja awolokere ku Lanka. Nkhaniyo imakathera pa kachisi wa Brahma. Pa wa Vishnu pali za Krishna. Koma m'mphepete mwa nkhani zazikuluzo anaikamo zinthu za kwawo: nyumba za denga la Chijava, miphika, mbalame, mitengo ya zipatso. Nkhani inachokera ku India, koma amene anagwira chisulo ankasema zimene ankaona akatuluka m'nyumba mwake. Pa anyani osenza miyala paja ndinaima nthawi yaitali. Ndinaganiza kuti wosemayo ankadziwa bwino mmene phewa limamvera.

Mkulu wa Mpingo: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine chikhulupiriro changa sichilola kugwadira mafano, ndipo sindibisa. Koma ndili ndi funso lofuna kudziwa, osati kunyoza. Dziko la Indonesia timamva kuti ndi la Asilamu ambiri kuposa lina lililonse. Zatheka bwanji kuti asunge malo otere, osawagumula? Ndipo alipo amene amapempherapo lero?

Tiyamike (Yogyakarta): Funso labwino abambo. Anzanga amene ananditengerawo onse ndi Asilamu, atsikana ovala mipango kumutu, ndipo amanyadira malowo ngati chuma cha makolo awo. Tili pakati pa akachisi tinamva kuitana kwa swala kuchokera m'mizikiti ya m'midzi yozungulira, anzanga anapita kukaswali n'kubwerera kudzapitiriza kundionetsa. Ahindu m'dziko muno ndi ochepa, ambiri ali pa chilumba cha Bali, koma amabwera kudzapemphera. Mwambo waukulu ndi Tawur Agung Kesanga, umene umachitika tsiku loti mawa lake ndi Nyepi, chaka chawo chatsopano chimene amakhala chete tsiku lonse. Kutsidya kwa mtsinje wa Opak kuli bwalo limene amavinapo nkhani ya Ramayana usiku, gule amene anayamba mu 1961, akachisi akuwala kumbuyo, ndipo ovina ambiri ndi Asilamu a ku Java komweko.

M'chipinda cha Durga ndinapeza maluwa atsopano pamapazi a fano. Amene anaika, kaya anaikira Durga kaya Roro Jonggrang, mwini wake ndiye akudziwa.

Mkulu wa Mpingo: Zikomo mwanangu. Ndaphunzirapo kanthu.

Mphunzitsi Wopuma: Pa za kugumula, tinene chilungamo: kuwonongeka kwambiri kwa m'zaka zaposachedwa kunachitika m'nthawi ya atsamunda. Mdatchi wina wa kampani yawo ya zamalonda yotchedwa VOC, C.A. Lons, analemba za mabwinjawa mu 1733. Angerezi atalanda Java kwa kanthawi mu 1811 pansi pa Stamford Raffles, Colin Mackenzie anakayendera malowo. Kutchuka kumeneko kunabweretsa mavuto ake. Mafano ena anatengedwa kukakongoletsa mabwalo a nyumba za azungu, miyala yambiri inatutidwa kukamangira maziko a nyumba ndi zina. Mu 1885 J.W. IJzerman anayamba kuchotsa zinyalala m'zipinda za kachisi wa Shiva, koma oyeretsa a nthawi imeneyo ankaunjika miyala osalemba kuti uwu wachoka pati. Odzamanganso anavutika nazo zaka zambiri. Ntchito yokonza inayamba mu 1918, ndipo kachisi wa Shiva anatha mu 1953, dziko litalandira kale ufulu. Anatsegulira ndi pulezidenti Sukarno. Wa Brahma anatha mu 1987, wa Vishnu mu 1991, chaka chomwe bungwe la UNESCO linaika Prambanan pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse.

Womanga wa pa Ndirande: Kuyambira 1918 mpaka 1953 kachisi mmodzi! Nanga milu inayo akuisiyiranji? Ndalama?

Tiyamike (Yogyakarta): Ndalama ndi mbali imodzi, koma palinso lamulo la ntchito yawo. Samanganso kachisi pokhapokha atapeza miyala yake yeniyeni yokwana magawo atatu mwa anayi. Ikaperewera amausiya mulu, kusiyana n'kumanga chinthu chongoganizira. Pamene aika mwala watsopano wotseka mpata sausema zithunzi, amausiya wosalala kuti aliyense aone kuti uwu ndi wa lero. Ndiye pali anthu amene ntchito yawo ndi kuyenda pakati pa miyala zikwizikwi kufunafuna kuti uwu ukulowana ndi uti.

Womanga wa pa Ndirande: Amenewo ndiwo abale anga. Lamulo limenelo ndaligwadira.

Nyauhango wa ku Karonga: Ine ndangomva za zivomezi mtima wanga wathamanga. Ife kuno cha mu Disembala 2009 sitidzaiwala, tinagona panja masabata, nyumba za njerwa zitang'ambika. Nanga miyala yongosanjikiza popanda simenti imapirira bwanji nthaka ikagwedezeka?

Tiyamike (Yogyakarta): Amayi, kuno chawo chinali pa 27 Meyi 2006, m'mamawa anthu asanatuluke m'nyumba. Chinapha anthu oposa 5,700, ambiri m'boma la Bantul kummwera kwa mzinda uno. Pa Prambanan nsonga zinagwa, miyala yosemedwa inamwazika pabwalo, makoma anang'ambika, koma akachisi akuluakulu anaima. Kukonza kunatenga zaka, ndipo kachisi wa Shiva anakhala wotseka nthawi yaitali. Nsonga ina imene inagwa anaisiya dala pansi pomwepo kuti ikhale chikumbutso. Mnzanga amene anandifotokozera nthano uja anataya azakhali ake tsiku limenelo, ali wakhanda. Titafika pa mwalawo anasiya kulankhula, ifenso tinangokhala chete.

Nyauhango wa ku Karonga: Mumupepesere m'malo mwathu. Ululu umenewo timaudziwa.

Yamikani ku Joni: Achemwali, ndibwerere pa fano lija. Mwati laima pa njati. Njatiyo ikulowa pati mu nthano ya Roro Jonggrang?

Tiyamike (Yogyakarta): Siilowamo n'komwe achimwene, ndipo apa ndi pamene tulo tinandithawira. Njatiyo ndi ya nkhani ya Durga. Kwa Ahindu, panali chiwanda chotchedwa Mahisha chimene chinkaoneka ngati njati, ndipo milungu yaimuna inalephera kuchigonjetsa. Ndiye inasonkhanitsa mphamvu zake, uliwonse n'kupereka chida chake, ndipo Durga ndiye anapita kukachipha. N'chifukwa chake ali ndi manja 8. Pa fanolo dzanja lina lagwira mchira wa njati, lina lagwira tsitsi la chiwanda chimene chikutuluka m'thupi la njatiyo, ena anyamula zida. Nkhope yake ndi yodekha, ngati ya munthu amene ntchito waimaliza.

Ndiye onani. Wosema wa m'zaka za m'ma 800 anasema mkazi wopambana, ataponda mdani wake. Patapita zaka mazanamazana anthu analowa m'chipinda chomwecho, n'kuona mkazi wolangidwa, woumitsidwa ndi mwamuna amene anamukana. Zida zili m'manja mwake, njati ili pansi pa mapazi ake, koma nthano sinazione. Zimenezi zinandiwawa. Komabe pobwerera ndinaganizanso kuti Bondowoso sanamupeze. Anapha atate, analanda dziko, analamula mizimu, koma mkaziyo sanalowe m'nyumba mwake. Ndipo lero anthu a kuno malo onsewo amawatchula kuti Candi Roro Jonggrang, ndiye kuti kachisi wa Roro Jonggrang. Dzina la wotembererayo palibe chimene chimatchedwa nalo pamenepo.

Nambewe wa ku Nkhotakota: Mwanangu mwandilizitsa. Ine ndikuti amayi amene ankasimba nthanoyi posinja ankadziwa chimene akunena. Mwina njatiyo ankaiona bwino lomwe.

Mphunzitsi Wopuma: Ndipo a Womanga, musaikwiyire kwambiri nthanoyi. M'zaka zonse zimene malemba anali chete, chimene chinasunga dzina pa malowo ndi iyoyo. Pa phiri la kummwera, makilomita atatu kuchokera pa kachisi, pali mabwinja ena amene mpaka lero amatchedwa Ratu Boko, dzina la atate a namwali uja, ngakhale malemba a 792 opezeka pamenepo amasonyeza kuti poyamba panali nyumba ya amonke a Chibuda. Nthano inalumikiza Sewu, Prambanan ndi phirilo kukhala nkhani imodzi, ndipo mwana aliyense wa m'deralo ankadziwa kuti miyala imeneyi si miyala wamba.

Womanga wa pa Ndirande: Ndamva aphunzitsi, koma mtima wanga ukadali kwa osema aja. Achemwali, mukadzapitanso mundijambulire pafupi polumikizira miyala, makamaka pa ngodya. Ndikufuna ndione mmene anamangira kona popanda matope.

Nambewe wa ku Nkhotakota: Inenso mundijambulire mtondo wawo. Ndi wofanana ndi wathu?

Tiyamike (Yogyakarta): Wosiyana amayi. Wawo amautcha lesung, ndi chigogo chachitali chogonekedwa pansi, chosemedwa ngati bwato, ndipo amayi asanu kapena kuposa amaima m'mbali n'kumasinja pamodzi. Misi ikamagunda mosinthana pamatuluka nyimbo, mpaka pali gule wake wotchedwa gejog lesung amene amaimbabe m'midzi ngakhale mpunga masiku ano umapita ku chigayo. Agogo a mnzanga uja akadali nawo kuseri kwa nyumba, ndipo atiitana kumudzi mwezi wamawa tikatsekera. Ndikawapempha agogowo kuti andisimbire okha nthanoyi m'Chijava, mdzukulu wawo azimasulira. Ku Ratu Boko tikakwera madzulo a tsiku lomwelo, ndipo za ngodya zija, achimwene a pa Ndirande, ndalemba kale m'kope.